Kalaliki Mmodzi, Mawindo Awiri

Mvula yoyamba inafika pa Boma la Machinga Lachisanu m'mawa, Kulusumu atatuluka kukasiya kalata ku ofesi ya zamalimidwe. Anabwerera akuthamanga, chitenje chili kumutu, ndipo atangolowa anamva kudontha kumene sanakukonde. Denga la ofesi yawo linali ndi kabowo kamene aliyense anakaiwala m'chilimwe. Kabowoko kanali pamwamba penipeni pa tebulo lake. Laputopu imene anaisiya chotsegula inali itamwa madzi mpaka kukhuta. Anaipukuta, anaipendeketsa, anadina batani loyatsira katatu. Sinayankhe. Nthawi yomweyo magetsi nawo anazima, ndipo batire lalikulu la ofesi linayamba kung'ung'udza pakona.

Kulusumu anali mlembi wa kabungwe ka alimi, ndipo sabata yonseyo anali ndi ntchito imodzi yokha. Chinangwa cha ku Chikweo chinali chitagwidwa ndi khate, masamba atakwinyika ngati apsa ndi moto. Bungwelo linapeza mbewu yopanda matenda pa munda wina wa ku Balaka, mitolo ya mitengo ya chinangwa yokwanira minda 412. Mitengoyo inali itadulidwa kale, ndipo mtengo wa chinangwa ukadulidwa sudikira munthu. Che Zubairu, oyendetsa lole, ananena kuti akangotuluka mu mzikiti masana adzatenga mndandanda wa mayina, apite ku Balaka kukakweza, kuti Loweruka m'mawa akhale akugawa m'midzi.

Vuto linali lakuti kalembera anabweretsa mayina 530. Ku Chikweo mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi, ndipo munda umene amalima ndi wa mkaziyo ndi abale ake. Koma olemba mayina atafika, amuna ambiri analembetsa kawiri, kuchikamwini ndi kumudzi kwawo kumene anabadwira. Ena analembetsa munda womwewo umene akazi awo anali ataulembetsa kale. Lole ikanayenda ndi mndandanda umenewo, midzi yoyambirira ikanalandira kawiri ndipo yakumapeto ikanangoona fumbi.

Kompyuta singadziwe kuti uyu ndi mkamwini wa uje. Amene ankadziwa anali Mayi Maness, mlangizi wa zaulimi amene wakhala akupalasa njinga m'midzi ya ku Chikweo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi anakhala pambali pa Kulusumu, akutafuna mtedza, akutchula mmodzimmodzi. Uyu chotsani, munda ndi wa akazi ake. Uyu anasudzulidwa chaka chatha, m'bwezereni kwawo. Pa dzina lina anaima nthawi yaitali. Linali la Che Sufiyani, amene anamwalira mwezi wa June. Abale awo anawalembetsa kumudzi kobadwira, pamene munda weniweni unali m'mudzi womaliza, m'manja mwa mkazi wawo, Amira, amene anatsala ndi ana anayi ndipo sanalembedwe n'komwe. Mayi Maness anati dzina la malemulo lichoke, la Amira lilowe, ndipo sanachotse maso pa sikirini mpaka ataliona litalowa. Lachinayi madzulo anabwerera kwawo, kumene foni imagwira pokhapokha munthu atakwera pa chulu.

Tsopano laputopu inali itafa, ndipo koloko ya pakhoma inkati kwangotsala pang'ono kuti ikwane 11.

Che Uladi, amene ankayang'anira ofesiyo, anatuluka m'chipinda chawo atavala kale mkanjo woyera wa Lachisanu. Anayang'ana laputopu, anayang'ana denga, n'kufunsa ngati ntchito ija inasungidwa. Kulusumu anati inde, ankasunga ola lililonse. Komabe mumtima munali kachikaiko, choncho anaimbira a Elliam.

A Elliam ndi amene anakonza makina a mu ofesimo asanapeze ntchito ina ku Balaka. Ndi iwo amene anaika kompyuta yakuda, yopanda sikirini, pansi pa tebulo la pakona, n'kuphunzitsa Kulusumu kugwira ntchito mu notibuku, tsamba la pakompyuta lokhala ndi timabokosi momwe munthu amalembamo lamulo, n'kudina, yankho n'kutuluka pansi pake. Anayankha foni ali m'minibasi, phokoso la injini lili m'makutu. Anati akuchokera ku Blantyre ndipo adutsa kumene pa Zalewa.

Kulusumu anafotokoza. A Elliam anafunsa ngati mndandanda wokonzedwawo anaulemba m'fayilo yakeyake. Iye anati ankadina chizindikiro chosungira. Anafunsanso kuti zokonza za Mayi Maness zija ankazilemba pati. Apa Kulusumu anayankha monyadira pang'ono, pakuti kuyambira ali kusukulu ankadziwika ndi makope audongo. Anati sankafuna tsamba lodzaza ndi zolembalemba, choncho ankagwiritsa ntchito kabokosi kamodzi ngati sileti: kulemba chokonza chimodzi, kudina, kufufuta, kulemba china.

Kumbali inayo kunamveka kondakitala akuitanira anthu.

"Achemwali," anatero a Elliam, "chizindikiro chija chimasunga tsamba lokha. Tsambalo mwalifufuta nokha. Ntchito yanu ya masiku atatu ili m'mutu mwa kenelo basi, ndipo keneloyo ili m'chibokosi chakuda chija. Chikadali choyaka?"

Kulusumu anatembenuka. Che Uladi anali atawerama pakona, dzanja lili ku khoma. Ankang'ung'udza kuti chibokosichi chikungodya batire pachabe, pamene pulinta idzafuna moto masana.

"Che Uladi, iyayi, musazimitse."

Kulusumu sanakuwe, koma mawu ake anali ndi kanthu kena kamene kanachititsa kuti bamboyo abweze dzanja ngati wakhudza mbaula. Anaima, nakonza kofia yawo, n'kufunsa ngati m'chibokosimo muli munthu.

Kulusumu anaika foni pa sipika, ndipo a Elliam anati tingotero kuti alimo. Anati kenelo ili ngati kalaliki wokhala m'chipinda cham'kati, amene amalandira malamulo, kuwachita, n'kusunga zonse m'mutu. Notibuku ndi windo chabe lolankhulirapo naye. Windo la Kulusumu lathyoka, koma kalalikiyo akadali pa mpando wake, ndipo sakana kuti munthu abwere pa windo lina, ngakhale anthu awiri kapena atatu, aliyense pa lake. Chimene sapirira ndi kuzimitsidwa. Akangozimitsidwa amaiwala zonse.

Che Uladi anayamba kusamala moto wa batire. Anazula fani, anazula wailesi, anazimitsa babu la m'khonde, kenaka anabweretsa laputopu yawo yakale imene batani lake limodzi linali litagwa. Anati akupita kukaswali, ndipo akakumana ndi Che Zubairu ku mzikiti awayendetsa pang'onopang'ono pobwera.

Pa foni panamveka a Elliam akukangana ndi kondakitala. Ankati atsike pa Phalula, kondakitala ankati mwalipira mpaka ku Balaka, bwana, mwaona chiyani pa Phalula. Kulusumu anawapempha kuti asadzivute chotero, koma anati m'minibasi muli anthu anayi pa mpando wa atatu, ndipo laputopu singatseguke pa mutu wa mwana wa eni ake. Patapita mphindi zingapo anaimbanso. Anali atakhala pa khonde la golosale ina m'mbali mwa msewu, pakati pa amayi ogulitsa tomato, mvula ikuwaza pang'ono.

Anamutumizira adilesi ya kompyuta yakudayo pamodzi ndi kiyi yolowera, mzere wautali wa manambala ndi malemba osakanikirana. Kulusumu anaukopera mosamala, chala chili pa foni, diso lili pa sikirini. Tsamba linatseguka. Linali lake lomwe lija, laudongo mochititsa manyazi: timabokosi titatu basi. Koyamba kanali kotsegulira fayilo ya kalembera, kachiwiri kanali sileti yake yopanda kanthu, kachitatu kanali kowerengera mayina. A Elliam anati akhudze kachitatu kokha. Anadina.

412.

Anapumira m'mwamba, n'kunena chapansipansi kuti Alhamdulillah. A Elliam anaseka, nati tsopano nawonso alowa pa windo lawo kuti alembe mndandandawo m'fayilo ndi kuukonza kuti usindikizike bwino, mudzi ndi mudzi. Iye angopuma.

Kulusumu sanathe kungopuma. Ankafuna kuionanso nambala ija, monga munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika amabwerera ku khola kukaisuzumira. Anadinanso kabokosi kachitatu.

530.

Anaganiza kuti maso akumunamiza. Anadinanso. Nambala sinasinthe. Anawauza a Elliam.

Atayankhula, mawu awo anali atatsika. Anati cholakwa ndi chawo. Kwa zaka zambiri, akatsegula notibuku iliyonse, chala chawo chimayamba chadina kabokosi koyamba kuti aone ngati zinthu zikuyenda. Amatero chifukwa nthawi zonse amakhala okha ndi kenelo yawoyawo. Lero chalacho chachita zomwezo mutu usanaganize. Kabokosi koyambako katsegulanso fayilo ya kalembera n'kuika mayina 530 pamalo pamene panali 412.

"Ndangokuuzani kumene kuti kalaliki ndi mmodzi," anatero, "ine ndemwe n'kuiwala. Pepani, achemwali. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani."

Batire pakona linalira kamodzi, kulira kwake kochenjeza kuti latsala pang'ono. Kulusumu anaganiza za Mayi Maness akuloza pa sikirini ndi chala chamafuta a mtedza. Anaganiza za lole itaima m'mudzi wa abale a Che Sufiyani, mtolo ukutsitsidwa, pamene Amira akudikira m'mudzi womaliza, munda atagaula kale. Ankafuna kukwiya, koma munthu amene akanamukwiyirayo anali atatsika minibasi pa mvula chifukwa cha iye, ndipo si iwo amene anayambitsa sileti ija.

Maso ake anali pa tsambalo popanda chimene ankayang'ana. Kenaka anaona kanambala kakang'ono kumanzere kwa kabokosi kachitatu. Kanali 296. Ankakaona masiku onsewo kakukwera nthawi iliyonse akadina, ndipo Mayi Maness anachitapo nthabwala kuti makinawa akuwerenga machimo athu.

"A Elliam, kanambala ka m'mbalika kali pa 296. Ngati kalaliki wanuyu amawerenga malamulo amene ndamupatsa, ndiye kuti amangowerenga osawasunga? Ine ndinkafufuta pa windo. Kodi kwa iye zinkafufutikanso?"

Anamva a Elliam akumenya chinthu, mwina bondo lawo. Anati iyayi, sizinkafufutika. Kenelo imasunga mbiri ya lamulo lililonse limene yalandira, mwa ndondomeko yake, kaya lachokera pa windo liti. Anati akanayenera kukumbukira zimenezi iwo, koma manyazi anali atawatseka mutu. Anamutchulira lamulo loonetsa mbiriyo, ndipo anati alilembe yekha, pakuti iwo manja awo awakhalira kaye.

Kulusumu analilemba m'kabokosi ka sileti. Tsamba linadzaza. Mizere inatsika, inatsika, yonse imene ankaganiza kuti anaitaya: chotsani uyu, sunthani uyu, phatikizani awa. Lachiwiri lonse linali pamenepo, Lachitatu, Lachinayi. Chakumapeto anaona mzere wochotsa Che Sufiyani, ndipo pansi pake wolowetsa Amira.

Asanachite china chilichonse anapangana lamulo lawo. Popeza kalaliki ndi mmodzi ndipo chimene wina wasintha chasinthikira onse, palibe wodina popanda kunena. Wofuna kudina azinena kuti ndalowa, akamaliza azinena kuti ndatuluka, ndipo mnzake manja azikhala pa miyendo. Anagawananso ntchito. A Elliam ankatenga mizere ya m'mbirimo n'kuipatsanso kenelo mwa ndondomeko yomweyo, tsiku limodzi panthawi. Kulusumu ankawerenga mayina pa windo lake akamaliza, chifukwa ndi iye amene ankadziwa pamene tsiku lililonse linathera. Mayi Maness ankakonda kuitchula nambalayo mokweza akamanyamuka, ngati munthu wolengeza zigoli.

"Ndalowa," anatero a Elliam. Patapita kanthawi, "Ndatuluka."

"Ndalowa. 487. Ndi yomweyo ya Lachiwiri. Ndatuluka."

Kumbuyo kwa a Elliam kunamveka mayi wina akufunsa ngati abambowa akulankhula ndi mzimu, poti akungoti ndalowa ndatuluka ali chikhalire. Anzake anaseka. A Elliam anawayankha kuti akuyendetsa lole ya chinangwa, ndipo mayiyo anati ngati ndi choncho agule tomato wa paulendo.

Lachitatu linavuta. Pakati pake kenelo inaima n'kutulutsa malemba ofiira. A Elliam anawerenga mzere umene inakanirapo. Kulusumu anaukumbukira. Anali ataulemba molakwika tsiku lija, ndipo unakanidwanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake mzere wotsatira unali womwewo wokonzedwa. Anati audumphe. A Elliam anafunsa ngati akutsimikiza, popeza iwo lero sakudzikhulupirira. Anati akutsimikiza. Anapitiriza, ndipo nambala inatuluka 441, monga Mayi Maness anailengezera.

Batire linayamba kulira kawirikawiri. Panja mvula inali itasiya, ndipo mumsewu munayamba kudutsa amuna a mikanjo akuchokera ku mzikiti.

Lachinayi linali lalifupi. A Elliam ananena okha kuti aima pa mzere womaliza wa dzulo, ndipo wawo uja wa lero sauyandikira. Atati ndatuluka, Kulusumu anadina kabokosi kachitatu. 412. Sanakhutire ndi nambala yokha. Anafunsa kenelo dzina la Che Sufiyani, ndipo inati palibe. Anafunsa la Amira, ndipo linatuluka, m'mudzi womaliza, munda umodzi, mtolo umodzi.

Ulendo uno sanapume. A Elliam anamutchulira lamulo lolembera mndandanda m'fayilo, iye analilemba, ndipo fayiloyo anaitumiza pa foni yake, pa ya Che Uladi ndi pa ya a Elliam. Kenaka a Elliam analowa komaliza n'kusanja mayinawo mudzi ndi mudzi.

Che Uladi analowa ndi Che Zubairu pulinta itangoyamba. Che Zubairu anadandaula kuti sanaonepo munthu woyenda pang'onopang'ono ngati bwanayu lero, kuima pa sitolo iliyonse kupereka moni ngakhale kwa anthu amene anali nawo mu mzikiti momwemo. Che Uladi anangoyang'ana kudenga. Pulinta inatulutsa tsamba loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu ndi chitatu. Ili pakati pa lomaliza, batire linalira kulira kwakutali n'kukhala chete. Kanyali kobiriwira ka pa kompyuta yakuda kanazima.

Kulusumu anakoka pepalalo. Linali litasindikizidwa theka, ndipo mayina khumi ndi asanu ndi awiri a mudzi womaliza panalibe. Anatenga cholembera, anatsegula fayilo pa foni, n'kuwalemba pamanja m'munsi mwa enawo, ndi zilembo zake zoongoka zija za kusukulu. Dzina la Amira linali lachisanu ndi chinayi. Che Uladi anadinda chidindo pambali pake kuti wina asadzati ndi zongowonjezera, ndipo Che Zubairu anapinda mapepalawo, nawaika m'thumba la pulasitiki, n'kupita kukaliza lole.

Foni inali ikadali pa tebulo, a Elliam ali pomwepo. Kulusumu anainyamula, n'kuichotsa pa sipika. Anali atakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka anali ochepa. Anati zikomo kwambiri, achimwene, Mulungu akudalitseni, chifukwa pakanapanda inu Che Uladi akanazimitsa ndipo ine sindikanadziwa n'komwe chimene chatayika. A Elliam anati zikomoyo agawane, popeza iwo anabwera kudzazimitsa moto n'kuthirapo palafini, ndipo amene anaona kanambala kaja si iwo. Anawonjezera kuti mwina mbiri ija ikanapezekabe penapake m'kompyutamo ngakhale itazima, koma sakanalumbira, ndipo sizikanatheka lole isananyamuke.

Anawafunsa kuti afika bwanji ku Balaka. Anati minibasi zitatu zawadutsa, ndipo tsopano ali ndi mulu wa tomato umene sanaufune, chifukwa munthu sungakhale maola awiri pa malo a eni ake n'kuchoka chimanjamanja. Che Uladi, amene ankamvetsera ali pa khomo, anati awauze kuti Che Zubairu akupita ku Balaka komweko, ndipo Phalula si patali kwa lole yopanda katundu. A Elliam anayamba kukana, koma Kulusumu anali atatuluka kale kukaimitsa loleyo pa geti.

Atabwerera anasuntha tebulo lake kulichotsa pansi pa kabowo, n'kuikapo ndowa. Laputopu yonyowa ija anaiimika pa windo kuti mwina iume.

Magetsi anayaka cha m'ma 4. Kompyuta yakuda inadzuka ndi kenelo yatsopano, yosadziwa Mayi Maness, yosadziwa Amira. Kulusumu anatsegula notibuku pa laputopu ya Che Uladi. A Elliam anali atamutumizira mizere yonse ya m'mbiri ija, ndipo anayamba kuiika m'tsambamo, gulu lililonse m'kabokosi kake, pamwamba pake n'kulemba tsiku ndi chifukwa: munda ndi wa akazi ake, anabwerera kwawo, anamwalira mu June. Tsambalo linatalika, linadzaza, silinaonekenso laudongo. Che Uladi podutsa anasuzumira n'kufunsa ngati zonsezo azifufuta akamaliza.

"Iyayi," anatero Kulusumu. "Izi zikhala."